Makope atatu ndi sikelo ya agogo

Pa shelefu ya m'chipinda changa kuno kwa Goliati pali makope atatu a hadikava: lofiira, lakuda ndi lobiriwira. Lililonse lili ndi masamba angapo olembedwa, kenako mbee mpaka kumapeto. Usiku ndikamaliza kuchonga ntchito za ana a Fomu 3, ndakhala ndikuwatsitsa onse atatu, n'kuwayala pabedi ngati munthu wosankha chitenje pamsika, n'kuwayang'ana, kenako n'kuwabwezera pomwepo. Miyezi isanu ndi iwiri ndikuchita zimenezi.

Amene mwakhala nane kuyambira kale mukudziwa kuti nkhani ya mtsikana wa ng'oma ija inatha. Mabuku atatu, zaka zinayi, onse pa PDF, ogulitsidwa pa WhatsApp, ndalama zake n'kumalowa pa Mpamba ndi Airtel Money ngati madontho a denga lothonya. Sindinalemere nayo, musandinamizire. Koma inandigulira laputopu ya kaunjika iyi ndi malata asanu ndi atatu a khitchini ya amayi. Chitumizireni mutu womaliza, foni siyikupuma. "Bigi, ikubwera ndi iti?" Wina analemba kuti, "Aise, usatipange za George R.R. Martin." Ameneyo anandiseketsa, chifukwa mkulu uja anatulutsa buku lachisanu la nkhani yake mu 2011 ndipo lotsatira anthu akudikirabe. Kungoti iye akhoza kudikiritsa dziko lonse kwinaku akudya bwino. Ine ndikachedwa chaka chimodzi, kagulu kanga ka anthu 300 kamwazika, ena abwerera ku mafilimu omasulira aja.

Ndipo sindingalembe zonse zitatu. Masana ndimakhala pa bolodi, ndimalemba kuyambira 9 koloko usiku mpaka maso atakana, magetsi akakhalapo. Nkhani imodzi yotere imadya zaka zinayi kapena zisanu. Ndili ndi zaka 28. Kope limene nditsegule ndi limene ndikhale nalo mpaka zaka 30 zitapitirira, ndipo awiri enawo mwina sadzatsegulidwanso. Azungu amati zimene ndimalembazi ndi fantasy. Agogo anga amangoti nkhani za m'maluwa, ndipo sanena monyoza, amanena ngati mmene anganenere kuti uyu ndi telala, uyu ndi wa kabaza.

Kope lofiira ndi la Napolo, ndipo ndi limene ambiri a inu mukufuna. Kukacha bwino kuno, phiri la Mulanje limaoneka ngati ungalikhudze, ndipo mwana aliyense wokulira mbali ino anamvapo za chinjoka chogona pansi pa mapiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba phiri n'kutsetsereka ndi madzi, miyala ndi mitengo. Chinadutsa ku Zomba mu 1946. Chinadutsa ku Phalombe mu March 1991. Steve Chimombo anachitenga n'kuchiika m'ndakatulo zake, kenako m'buku la The Wrath of Napolo, moti tili ku Chanco dzina la Napolo tinkalimva m'kalasi kuposa kumudzi. Langa linali loti likhale la mabuku asanu: mnyamata woweta mbuzi amene amamva chinjokacho chikamatembenuka pansi pa nthaka, masiku atatu chisanadzuke. Mutu woyamba ndinauponya pa gulu mu February 2023 kuti mulawe. Munaukonda. Inenso ndinadzikonda nawo, chifukwa ndinalemba Napolo wokongola, wa mamba onyezimira, wobangula ngati mkango.

Patangotha mwezi kunabwera Freddy. Simukufunika kuti ndikukumbutseni za Soche ndi Chilobwe, za kwa Ntauchira ku Chiradzulu, za midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe imene inakwiririka. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Patapita milungu itatu, mtsikana wina wa pagulu pathu, wa cha kuseri kwa phiri, ananditumizira uthenga. Sanakalipe. Anangoti, "Bigi, pamene munalemba kuti amabangula paja mukonze. Samabangula. Zimamveka ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi, ndipo fungo la dothi limayamba kufika phokoso lisanafike." Pansi pake anawonjezera kuti mng'ono wake sanamupeze. Ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Ndinamuyankha zopepesa zimene tonse timayankha, koma kope lofiira sindinalembemonso. Sikuti Napolo sangalembedwe. Adzalembedwa, mwinanso ndi mtsikana yemweyo. Koma ine ndinali ndi ludzu la chinjoka, osati la anthu okhala m'munsi mwa phiri, ndipo ndikatsegula kopelo lero ludzu lomwelo ndimalionabe m'ziganizo zanga.

Lakuda ndi la Mbona, mwini mvula wa Amang'anja, amene kachisi wake ali m'nkhalango ya Khulubvi ku Nsanje. Nkhani yake ili ndi zonse zimene wolemba angapemphe: mkangano wa kuitana mvula, ulendo wothawa kulowera kumwera, adani amene zida zawo zikukanika kumulasa mpaka mwini wake atawaululira chinsinsi, mutu wodulidwa, magazi osanduka mtsinje. Mnzanga wa ku Lilongwe amandiimbira pafupipafupi za limeneli. Akuti ndililembe m'Chingerezi. Amanditchulira Tomi Adeyemi, amene anatenga milungu ya Ayoruba n'kugwedeza nayo dziko mu 2018, ndi Namwali Serpell wa ku Zambia konkuno, amene anapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Amandikumbutsa kuti Shadreck Chikoti anatsegula kale njira ndi Azotus the Kingdom komanso Imagine Africa 500. Akunena zoona, ndipo ngati pali kope limene lingandikweze ndege ndi limeneli. Koma Khulubvi si malo a m'buku. Alipo anthu amene amavula nsapato polowamo mpaka lero. Ine ndine Mlomwe wa ku Thyolo, ku Nsanje ndinafikako kamodzi, pamaliro, ndipo Mbona amene ndimamudziwa ndi wa m'buku la Schoffeleers. Kuti ndimulembe bwino ndiyenera kukakhala kumeneko, kupempha, kumvetsera, mwina n'kukanizidwa. Malipiro a mphunzitsi wa pulayiveti safika ku Nsanje kawiri.

Latsala lobiriwira. Limeneli sindinakuuzenipo, chifukwa ndimaliopa.

Makolo a agogo anga anawoloka kuchokera ku Mozambique, ngati Alomwe ambiri amene anabwera kuyambira m'ma 1890, n'kupeza kuti malo abwino a kuno anali atalembedwa kale m'mapepala a azungu. Anakhala pa esiteti, ndipo lendi yake inali thukuta: miyezi yakutiyakuti pachaka kugwirira ntchito mwini malo, nthawi yomweyo imene munda wako ukufuna khasu. Ndiye thangata ameneyo, mawu amene poyamba ankatanthauza kuthandizana. Lamulo linamuthetsa mu 1962, agogo ali kamtsikana. Koma tiyi anatsala, ndipo iwo anathyola tiyi zaka 26 pa esiteti ina imene sindiitchula. Mukadutsa pa minibasi kuchokera ku Limbe kupita ku boma la Thyolo, minda ija imaoneka ngati kapeti, anthu amatsitsa galasi n'kujambula. Ine ndikaiona ndimaona zala za agogo, zimene mpaka pano sizitambasuka bwinobwino, ndi msana umene unapindikira mbali ya dengu.

Chimene agogo amachikamba kwambiri si dzuwa kapena mvula. Ndi sikelo. Umathyola kuyambira mbandakucha, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, kuponya kumbuyo osacheuka, kenako mumafola mzere kukakweza dengu. Kalaliki amayang'ana muvi, n'kutchula nambala, n'kulemba. Akati masamba anyowa, amadula makilo. Akati mwasakaniza okhwima, amadula. Iwe msana wako ukukuuza kulemera kwina, buku likunena kwina, ndipo malipiro amatsata buku. Ndili mwana ndinawafunsa kuti makilo odulidwawo amapita kuti. Anaseka osayankha. Funso limenelo ndiye mbewu ya kope lobiriwira. Ndinaganiza za esiteti imene sikelo yake siyeza masamba okha. Dengu lililonse likakwezedwa, imachotsako kanthu kwa mwini dengu: tsiku limodzi la moyo, dontho la magazi, kachidutswa ka chithunzithunzi chake. Zonsezo zimatsikira pansi pa fakitale, kumene kuli chinthu chimene chimadyetsedwa, ndipo pali anthu oyenda usiku amene ntchito yawo ndi kutolera zotsala. Masamba 14 oyambawo ndinawalemba usiku umodzi. Ndi zinthu zabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo, ndikunena mosadzichepetsa.

Vuto lake ndi October 2017.

Ndinali chaka chachiwiri ku Chanco, ndikubwera kunyumba kumapeto kwa sabata. Mphekesera ya anamapopa inali itayamba ku Mulanje ndi Phalombe mwezi wa September, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, kuopa kupopedwa magazi m'nyumba. A United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Ife ku Zomba tinkaziseka pa Facebook. Tsiku limenelo ndinachedwa kunyamuka, ndinatsika minibasi kutada, n'kuyamba kuyenda wapansi kachigawo kotsala. Pa kamlatho kena ndinapeza mitengo itapingasa msewu, anyamata ngati khumi ndi asanu, zikwanje, tochi kumaso. Anandilanda chikwama n'kukhuthulira pansi. Munali laputopu yobwereka, power bank, ndi zingwe ziwiri zoyera zotchajira. Mmodzi ananyamula zingwezo m'mwamba n'kufuula kuti, "Si izi!"

Sindikumbuka zimene ndinanena. Ndikukumbuka kuti Chichewa changa chinatuluka cha kusukulu, chosalala, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati mlendo. Anandipulumutsa ndi mayi wina amene anali cha kumbuyo ndi mwana kumsana. Anayandikira, n'kundiunika, n'kunena kuti, "Inu, uyu si mdzukulu wa mayi aja a zitumbuwa a pa chigayo? Musiyeni mwana wa eni." Basi. Anandithandiza okha kutolera katundu, wina mpaka anapepesa. Ena mwa anyamata amenewo ndimakumana nawo pamsika kwa Goliati, timapatsana moni. Anthu osachepera 9 m'miyezi imeneyo sanapeze mayi wowazindikira.

Pambuyo pake, ndikuwerenga mbiri, ndinapeza kuti sizinayambe lero. Mu 2002 mphekesera yomweyi inavuta kum'mwera kuno. Mu August 1953, pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza, nkhani ya malalanje obedwa inasanduka mphekesera ya chifwamba, anthu ogwira anzawo kuti akawadye, ndipo zipolowe zimene zinatsatira, zosakanikirana ndi mkwiyo wa malo ndi wa chitaganya, zinatha anthu 11 atafa. Ndikaziika pamodzi ndimaona kuti anthu a kuno akamati wina akutipopa magazi, sikuti ndi umbuli wokha ngati mmene tinkanenera pa Facebook. Anthu amene makolo awo analandidwa malo, amene thukuta lawo limakwera sitima kupita kunja iwo n'kutsala ndi zala zopindika, akudziwa kuti chinachake chikuchotsedwa mwa iwo. Amangolakwitsa adiresi. Chikwanje sichifika kumene kunapita makilo. Chimagwera wodwala misala wosochera, wachipatala wonyamula chikwama, mwana wa sukulu wa zingwe zoyera.

Ndiye ine, amene ndinaima pa kamlatho kaja, ndilembe buku la anthu oyenda usiku kutolera magazi pa esiteti? M'Chichewa, pa WhatsApp, pamene mutu umodzi ukhoza kudulidwa dzina langa n'kuyamba kuyenda wokha ngati uthenga wochenjeza? Wolemba wa ku London akalemba za mavampaya, owerenga ake amatseka buku n'kukagona. Kuno mawu amatsika papepala n'kuyenda ndi miyendo. Ndinaziona kale pang'ono. M'buku lachiwiri la mtsikana wa ng'oma munali nkhalamba yoipa mtima ya maso ofiira. Tsiku lina ndinamva ana a sukulu yathu akuitana gogo wina wogulitsa nthochi ndi dzina la nkhalamba ija, akuseka. Ndinawakalipira, koma amene anawapatsa dzinalo ndine. M'dziko limene mu January 2016 ku Neno anapha okalamba anayi chifukwa mphenzi inapha mtsikana, zimenezo si nthabwala. Agogo anganso ali ndi maso ofiira. Ndi utsi wa zaka 70 za kukhitchini.

Lamlungu lapitali ndinanyamula kope lobiriwira kupita nalo kwa agogo. Ndinawapeza akusenda nandolo pakhonde. Sadziwa kuwerenga, choncho ndinawawerengera masamba onse 14, mawu akunjenjemera ngati ndili pa intavyu. Anamvetsera osasiya kusenda. Nditamaliza anakhala chete, kenako anati:

"Amuna anga, ufiti umenewu mwautenga kuti?"

Amanditcha amuna awo chibadwire changa. Ndinati ndi nkhani chabe, agogo, ndikufuna kuonetsa mmene ankakudyerani.

"Sikelo sinkafuna mankhwala," anatero. "Inkafuna munthu mmodzi wodziwa kulemba ndi anthu makumi asanu osadziwa kuwerenga. Mukaikapo chilombo pansi pa fakitale, ndiye kuti kalaliki uja mwamukhululukira."

Ndinalibe choyankha. Zaka zinayi za ku yunivesite, ndipo palibe anandiuzapo zimenezo momveka chonchi. Ndinafunsa ngati ndingolisiya bukulo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kuyamba kukamba zina, mmene amachitira. Anati chaka chimene anali ndi pakati pa amayi anga, miyendo inatupa moti sankatha kumaliza mzere. Kapitawo akanadziwa akanawachotsa, ndipo nyengo ya mvula ndi imene kumakhala ndalama. Koma tsiku lililonse pofika pa sikelo dengu lawo linkakhala lodzaza. Azimayi a mizere yoyandikana, aliyense podutsa ankaponyamo kadzanja, osayang'ana, osalankhula, kuti kapitawo asaone. Mwezi wathunthu. Sanauzane, ndipo sanadzakambirane ngakhale pambuyo pake.

"Tsiku lina kunali nkhungu yoti sungaone dzanja lako," anapitiriza. "Ndinamva dengu likulemera kumsana, kadzanja, kadzanja, kadzanja. Nkhungu itachoka ndinapeza kuti ndili ndekha kumapeto kwa munda, anzanga onse ali kutsidya kwa khwawa."

Ndinafunsa kuti ndiye anaponyamo ndani. Anati mizere imeneyo anathyolamo anthu ambiri ife tisanabadwe, ndipo ena sanapite kutali. Ananena zimenezi akupeta nandolo, ngati akunena mtengo wa mchere. Sindikudziwa ngati amandiseka. Agogo amatha kukunamiza nkhope ili gwa, n'kudzaseka patapita sabata.

Pobwerera sindinakwere kabaza, ndinayenda wapansi kuti mutu ukhazikike. Pofika pamsika ndinali nditadziwa kuti masamba 14 aja achoka. Chilombo cha pansi pa fakitale chichoka, oyenda usiku achoka, dontho la magazi silipezekamo ngakhale limodzi. Sikelo ikhala sikelo wamba, ya chitsulo, ndi munthu wa cholembera pambali pake amene ali ndi dzina, ana, ngongole ndi bwana wake womuopa. Zodabwitsa zonse zikhala mbali ya othyola: akufa amene amabwera ndi nkhungu kudzathandiza amoyo kudzaza madengu, ndi mtsikana mmodzi amene wayamba kuwaona nkhope, n'kuzindikira kuti akufawo akusunga buku lawolawo la makilo onse odulidwa chiyambire thangata, ndipo akufuna wamoyo wodziwa kuwerenga. Zimene adzachite nalo bukulo sindinazidziwe. Ndikuganiza kuti ndi mabuku atatu. Mwina anayi.

Ndikudziwa kuti ena mukhumudwa. Munkafuna chinjoka, ndipo ine ndikukupatsani azimayi onyowa ndi mame. Mnzanga wa ku Lilongwe wandiuza kale kuti ndataya tikiti ya ndege, ndipo mwina akunena zoona. Nkhani ya tiyi ya m'Chichewa sidzafika pa shelefu ya ku London, kumene tiyi weniweniyo amafika. Zosindikiza papepala ndiye tisakambe n'komwe, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa pepala ndimangoufunsa kuti ndiseke. Zikhala pa PDF ngati kale. Mantha a kamlatho aja sanathe, ndipo mutu uliwonse ndizidzaufunsa kuti ukadulidwa dzina langa n'kuyenda wokha, ukagwetsa chikwanje pa ndani.

Dzulo ndinabwereranso kwa agogo ndi tsamba loyamba latsopano. Limayamba ndi mtsikana akulowa m'munda m'mawa, dilesi lake likuuluzika ndi kamphepo. Agogo anandiimitsa pa chiganizo chachiwiri. Anati palibe dilesi limauluzika m'munda wa tiyi, mitengo imakufika m'chiuno ndipo mame amakunyowetsa usanathyole tsamba limodzi, n'chifukwa chake ankadzimanga chipepala cha pulasitiki kapena chiguduli. Anati ndikonzenso pamene ndalemba kuti ankaimba pothyola, chifukwa m'mawa kuzizira munthu suimba, nyimbo zimabwera dzuwa likakwera. Kenako anafunsa kuti pa anthu 300 aja aliyense amalipira zingati, anawerengera pa zala zopindika zija, n'kundiuza kuti gawo lawo ndizibweretsa mwezi ndi mwezi, shuga wa 2 kilo ndi mkaka, ndipo shugayo akamuyeza okha pa sikelo ya pa chigayo.